Uthenga Umene Sunapite kwa Vainess

Tisiyenji Chikoti anakulira m'nyumba imene munalibe labala. Bambo ake, a Chikoti, anali mphunzitsi pasukulu ina yapulaimale kufupi ndi Nambuma, komanso mlembi wa mpingo kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo m'buku la mpingo sanafufutemo kanthu ngakhale kamodzi. Akalakwitsa dzina la mwana wobatizidwa, ankadula ndi kamzere kamodzi kowonda kuti cholakwikacho chiziwerengekabe, n'kulemba cholondola pansi pake pamodzi ndi tsiku. Mwana akabwera ndi labala kuchokera kusukulu ankamulanda. "Chachitika chachitika," ankatero. "Ukafufuta lero, mawa udzakana kuti sunalakwe." Anthu ena amasiyira ana awo ng'ombe. A Chikoti anagawira ana awo khalidwe limeneli, ndipo mwa ana asanu amene analitola ndi Tisiyenji yekha.

Mtsikanayu anali ndi mutu. Anakhoza mayeso, anapita kukoleji ku Lilongwe kukaphunzira za makompyuta, n'kugwira ntchito zaka zitatu mu ofesi ina yoyala makapeti. Kenaka a Chikoti anachita sitiroko, mbali ya kumanja inafa. Mayi a Tisiyenji anali atatsogola kale, ndipo azichimwene ake onse mwadzidzidzi anatanganidwa, monga mmene amuna amatanganidwira pakhomo pakagona wodwala wofunika kumudyetsa. Tisiyenji anabwerera kumudzi ndi chikwama chimodzi, laputopu yakale ndi sola. Amayi a pamjigo sanasowe chonena: sukulu yonse ija, kudzathera kuphika phala? Iye ankangowapatsa moni n'kutunga madzi ake.

Sankadziwa amayiwo kuti m'kachipinda kakumbuyo, mmene kale ankasungiramo mtedza, munali theka la kampani. Theka linalo linali Rodgers, mnzake wa kukoleji, mnyamata wa nsapato zosongoka amene anatsala m'tauni ndipo ankadziwa kulankhula pamaso pa anthu a mataye. Kampani yawoyo anaitcha Mthenga. Ntchito yake inali yosavuta kuimva: mlembi wa mpingo kapena wa mudzi amalowetsa nkhani pafoni, kaya ya maliro, ya ukwati, kaya ya tsiku la sikelo ya ana, ndipo Mthenga amaitumiza kwa onse oyenera kumva, ngakhale a mafoni a mabatani. Mipingo ndi midzi yoposa makumi asanu ndi limodzi, kuyambira ku Mpingu mpaka ku Kasiya, inali italowa. Rodgers ankapanga zimene anthu amaona pafoni. Tisiyenji ankapanga za kuseri, zimene palibe amaziona ngakhale zonse zimatsamira pamenepo, ngati amayi a kukhitchini pa ukwati amene saoneka pa chithunzi.

Za kuserizo anazilemba m'njira imene anthu a ntchitoyi amaitcha fankishonolo, ndipo Rodgers anadandaula mwezi wathunthu kuti odziwa njirayi m'dziko muno sangadzaze minibasi imodzi. Tisiyenji sanasunthike. Iye anawafotokozera bambo ake motere: pulogalamu yonseyo ndi tizigayo ting'onoting'ono totchedwa mafankishoni. Ukathira chimanga chomwecho umatuluka ufa womwewo, lero ndi mawa, ndipo kachigayoko sikakhudza china chilichonse m'nyumba. Komanso chimene chalembedwa m'kaundula wa Mthenga sichisinthidwa ndipo sichifufutidwa, ukalakwitsa umalemba mzere watsopano pansi pake. Apo a Chikoti anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa, nati anthu a makompyutawa achedwa kuzindikira. Mafankishoniwo satumiza uthenga ndi umodzi womwe. Amangokonza mndandanda wa olandira ndi mawu ake, ndipo mndandandawo umadikira pamalo amodzi amene Tisiyenji ankawatcha chipata. Chipatacho chimatseguka katatu patsiku, sikisi m'mawa, thwelofu masana ndi sikisi madzulo, nthawi zimene anthu amayatsa mafoni. Popeza netiweki ya kuno imadwaladwala, anachimanga moti chikagwa chimadzuka chokha n'kupitiriza pamene chinalekera. Zimenezi ankazinyadira kwambiri.

Koma panali fankishoni imodzi imene anailemba tsiku lina masana uku akuswa mtedza, osafunsa munthu, ndipo paja safunsa anadya phula. Inali yosanja achibale pa uthenga wa maliro. Kwa iye zinaoneka zachidziwikire kuti wapafupi kwambiri ndiye ayambe kumva: mkazi kapena mwamuna wa womwalirayo pamwamba, kenaka makolo, kenaka ena onse. Mwana wa mlembi wa mpingo, wobadwira m'mudzi, amene wakhala pamaliro osawerengeka, anaiwala chimene aliyense kuno amachidziwa, kuti wapafupi sauzidwa pafoni. Amatumidwa anthu, amapita ndi miyendo yawo, amakhala pansi, amayamba ndi mawu oti uje wadwala kwambiri. Zaka zitatu za pakapeti zija zinakwana kumuiwalitsa. Cholakwikacho chinagona miyezi isanu ndi itatu osavulaza munthu, chifukwa anthu ambiri amafera pamaso pa akazi awo, ndipo uthenga unkafika misozi itayamba kale.

Lachinayi lina m'mwezi wa Meyi, nthawi yokumba mtedza, Tisiyenji anamwetsa bambo ake mankhwala, anawakhazika pampando wawo pabalaza, n'kulowa m'kachipinda kake. Inali 11:10. Anali ndi chizolowezi choyang'ana mndandanda wa masana chipata chisanatseguke, osati pokayika kanthu, koma poti zinkamusangalatsa kuona ntchito yake itafola bwinobwino. Pamwamba penipeni panali dzina la Vainess. Pansi pake panali mawu oti: Tikukudziwitsani za imfa ya Isaki, amene wamwalira m'mawa uno pangozi yapamsewu.

Anawerenga kawiri. Isaki anali msuweni wake, kabaza wa njinga yamoto, wa m'mudzi wa tsidya la dambo. Mlembi wa kumeneko anali atalowetsa nkhaniyo 10:52, monga mmene Tisiyenji mwiniwake anamuphunzitsira. Vainess anali mkazi wa Isaki, mnzake wa Tisiyenji wa m'kwaya, ndipo sanali pamudzi. Anali kuchidikiro cha amayi apakati ku Kabudula sabata yachiwiri, chifukwa anamwino anati magazi ake akuthamanga kwambiri ndipo miyendo yatupa. Anali atapita padera kawiri, iyi inali mimba yoyamba kufika mwezi wake. Ndipo Vainess foni sinkachoka m'manja mwake, ankadikira mwamuna wake. Pakatha mphindi makumi asanu, foniyo idzalira, ndipo mayi wa magazi othamanga, ali pakati pa alendo, adzawerenga yekha kuti ndi wamasiye.

Mantha anamugwira Tisiyenji moti chisoni cha msuweni wake chinasowa polowera. Anaimbira mayi Benedeta, azakhali a Isaki.

"Wamva eti, mwanawe?" anatero mayiwo, mawu atasasa. "Ife tanyamuka, tili atatu, tikupita kwa mkaziyo. Koma panjinga yamoto lero ine ayi, sindikwera. Tikudikira galimoto pano pamphambano, tikafika mwina cha m'ma thuu. Chachikulu pasapezeke wopusa womuimbira."

"Inde, azakhali," anayankha Tisiyenji. Sanawauze kuti wopusayo analipo kale, ndipo anamupanga ndi manja ake.

Anaimbira Rodgers, amene anali m'minibasi yopita kumsonkhano wina, laputopu ataisiya kunyumba.

"Ingofufuta mzerewo, Tisi."

"Mulibe chofufutira. Ukudziwa."

"Ndiye zimitsa chipatacho!"

"Chidzuka chokha. Ndipo mumndandanda womwewu muli maliro a ku Mpingu, akuika lero thuu koloko. Anthu aja asamve?"

"Ndinakuuza ine kuti tilembe ngati anthu ena onse," anayamba Rodgers, ndipo Tisiyenji anadula foni, chifukwa madzi akatayika saoleka ndipo nthawi yomvera ulaliki panalibe. Anaganiza zoimbira wina kuchipatala kuti akamulande Vainess foni, koma ndani amalanda mayi wapakati foni popanda chifukwa, iye osazindikira? Vainess sanali mwana.

Njira inali imodzi, ya bambo ake ija: kulemba mzere watsopano pansi pa wolakwikawo. Koma kaundula ankadziwa mizere ya mitundu inayi yokha, ndipo panalibe wonena kuti imani. Anayenera kuupanga mtundu umenewo, kuphunzitsa mafankishoni kuumvera, n'kutumiza zonsezo ku seva, kompyuta yaikulu yokhala kudziko lina kumene iye sanapondeko. Analemba kuti uthenga wa Vainess uime, ena onse apite.

"Tisiyenji." Anali bambo ake kuchokera pabalaza. Khomo linali lotsegula ndipo anali atamva zonse. Chichitireni sitiroko ankalankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse ngati akulinyamula. "Achibale enawo ndi angati?"

"Makumi anayi ndi awiri, ababa. Ndisiyeni kaye."

"Akalandira iwowo, woyamba kumupepesa pafoni ndani?"

Tisiyenji anagwira pakamwa. Mwa anthu makumi anayi ndi awiri sipangalephere mmodzi wa mtima wabwino ndi mutu wochepa, woimba nthawi yomweyo kuti pepani alamu. Anasintha zimene analemba kuti uthenga wonse wa Isaki uime. Inali 11:31.

Ntchito yotere isanapite ku seva imayamba yadutsa mwa kompaila, pulogalamu imene imayesa ngati zolembedwazo zikugwirizana. Kompaila ya njira ya fankishonolo ndi yokhwima ngati mkulu wa mpingo pofunsa m'kalasi ya ubatizo, siimva zoti ndili pachangu. Inakana. Inati mwabweretsa mzere wa mtundu watsopano, koma pali malo atatu amene simunanene chochita akaupeza. Tisiyenji anaitukwana ndi mawu amene mwana wa mlembi sayenera kuwadziwa. Anakonza malo oyamba, anakonza achiwiri. Kenaka anatsegula achitatu. Inali mbali ija ya chipata imene imadzuka yokha n'kutumiza zotsala. Akanakhala kuti kompaila inamumvera chisoni n'kumulola kudutsa, chipatacho chikanaona uthenga wa Isaki ngati wotsalira n'kuutumiza ndithu. Anakonza, kompaila inavomera. Anathira kaundula wa tsikulo m'mafankishoni pa laputopu pomwepo, popeza iwo satumiza kanthu, ndipo munatuluka mauthenga mazana awiri ndi khumi ndi umodzi, a Isaki mulibe. Inali 11:44.

Tsopano netiweki. M'nyumbamo inkakwana kuwerengera zinthu, koma kukweza katundu wolemera ayi. Malo odalirika anali pachulu cha kuseri kwa chigafa cha fodya cha aneba. Batire ya laputopuyo inali yokalamba, ikachoka pa sola inkakhala mphindi khumi ndi zisanu ikakondwa. Anazula waya, anathamanga wopanda nsapato kudutsa amayi awiri amene ankathothola mtedza, anakwera pachulu, analumikiza laputopu ku foni n'kuyamba kutumiza. Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa. Kanafika pakati. Kenaka kanaima, chifukwa foni inali kulira, ndipo netiweki ya kuno siinyamula ziwiri nthawi imodzi, munthu akamaimba zina zonse zimadikira.

Woimbayo anali Vainess.

Akadula, Vainess adzaimbira wina, ndipo winayo mwina ali kale pasiwa. Akayankha, mphindi zikupita. Anayankha.

"Alamu, muli bwanji? Pepani ndakusokonezani," anatero Vainess. "Kodi achimwene anuwa mwawaonako? Kuyambira m'mawa foni sakuyankha. Anati abwera ndi beseni ndi zitenje zina."

"Sindinawaone, mlamu," anatero Tisiyenji, ndipo ichi chokha chinali choona. "Mwina ali pamsewu. Wadya koma?"

"Ndadya pang'ono. Mwanayu akungondiponda, ngati nayenso akufuna njinga." Anaseka.

"Azakhali a Benedeta akubwera kudzakuona masana ano."

"Azakhali? Nthawi ya mtedza ino?"

Tisiyenji ankamva ana akulira chapatali kuchidikiroko, ndi kupuma kwa mnzakeyo. Anazindikira kuti chipata chenicheni tsopano chinali pakamwa pake, ndipo liwu limodzi lokhota likanatsegula zonse.

"Akusowa basi," anatero. "Batire ikutha, mlamu, ndikuimbiranso. Ukhale pafupi ndi anamwino, wamva?"

Anadula. Inali 11:53, ndipo kamzere kobiriwira kanali katayambiranso pachiyambi. Anakweza foni m'mwamba ndi dzanja limodzi ngati woimbitsa kwaya, uku akupemphera pemphero lopanda mutu. Amayi a mtedza aja anasiya ntchito n'kumamuyang'ana. Kamzereko kanakwawa, kanaima, kanakwawanso. Kanafika kumapeto 11:58. Analemba mzere watsopano m'kaundula: uthenga wa Isaki, imani. Anadina. Asanaone ngati seva yalandira, laputopu inathima.

Anatsika pachulu. M'nyumba analumikiza waya, koma laputopu yakale imadzuka ngati mlonda woledzera, ndipo thwelofu inakwana ikadali yakuda. Anatuluka pabalaza osadziwa chochita. A Chikoti analoza ndi dzanja lamanzere foni yawo ya mabatani imene inali patebulo. Iwo anali malume a Isaki, dzina lawo linali lachisanu ndi chiwiri pamndandanda. Ngati Tisiyenji walephera, foniyo ikhala yoyamba kumuuza.

Anakhala pansi onse awiri kuiyang'ana. Mphindi imodzi inadutsa. Yachiwiri. Panja nkhuku inkatetera ngati tsiku lililonse. Pa mphindi yachitatu foniyo inalira. Tisiyenji sanathe kuigwira. A Chikoti anaitola, anaiyandikiza kumaso, nawerenga pang'onopang'ono: msonkhano wa akulu a mpingo wasunthidwa, ukhala Loweruka.

Chipata chinali chitatseguka, za ku Mpingu zinali zitapita, za Isaki zinali zitaima. Tisiyenji anadikirabe mphindi zina khumi, maso pafoni, asanakhulupirire.

Mayi Benedeta anaimba itadutsa thuu koloko. "Tafika, takhala naye, anamwino ali pompano," anatero. "Auzeni anthu tsopano." Kumbuyo kwa mawu awo kunkamveka kulira kumene Tisiyenji anakuzindikira, chifukwa anaimba pambali pa liwu limenelo zaka zambiri. Analemba mzere wina wolola mauthenga makumi anayi ndi awiri kuti apite pa chipata cha madzulo. Wa Vainess anausiya uli chiimire. Atatero m'pamene anakumbuka kuti Isaki ndi amene anamunyamula pa njinga yake tsiku limene anabwerera kumudzi, sola ili pamsana, ndipo analira mpaka bambo ake anamuitana kawiri.

Vainess sanaone nawo manda a mwamuna wake akukwiriridwa. Patapita masiku awiri anachira ndi opareshoni, mwana wamkazi, wamoyo. Tisiyenji anailembanso fankishoni ija, nthawi ino atakhala pansi ndi mayi Benedeta masana athunthu kufunsa kuti ndani amauzidwa ndi ndani. Lero Mthenga satumiza uthenga wa maliro kwa mkazi, mwamuna kapena mayi wa womwalira. Amayamba wafunsa mlembi ngati anthu apita kale kwa iwowo ndi miyendo, ndipo ena onse amadikira yankho. Rodgers amazifotokoza zimenezi m'misonkhano ngati nzeru imene kampani inabadwa nayo, ndipo Tisiyenji amamusiya.

Koma chinthucho chinkamudya. Patatha miyezi iwiri Vainess anabwera kudzaonetsa mwana kwa a Chikoti, ndipo Tisiyenji anamuitanira m'kachipinda kaja n'kuulula zonse. Anamuonetsa kaundula: mzere wa 10:52, uthenga wokhala ndi dzina lake pamwamba, ndi mzere wa 11:59 pansi pake.

"Ndinatsala pang'ono kukupha, mlamu," anatero. "Ndikanakhala ndi njira ndikanaufufuta, ndisamauonenso."

Vainess anawerenga nthawi yaitali, mwana ali kubere.

"Ine ndinayamba kudziwa pamene munandifunsa ngati ndadya," anatero. "Inu alamu simufunsa zimenezo. Koma ndinati mwina ndi ngozi chabe, mwina wathyoka mwendo. Ndinakhala pakhonde paja kudikira beseni langa. Maola awiri aja ndinali ndikadali mkazi wa munthu." Anasuntha mwanayo kupita kubere lina. "Musaufufute."

"Sufufutika."

"Zili bwino. Uyu akadzadziwa kuwerenga adzaone tsiku limene bambo ake anatisiya, ndi kuti panali wina amene anati imani."

Uthengawo ukadali pomwepo. Katatu patsiku chipata chimatseguka, mazana a mauthenga amatuluka kupita ku Nsaru, ku Namitete, ku Kasiya, ndipo fankishoni ikafika pa dzina la Vainess imawerenga mzere wa pansi pake n'kupitirira. Tisiyenji amauona m'mawa uliwonse akatsegula laputopu, asanapite kukatenthetsa phala la bambo ake.